Kusowa tulo mu Harare: kupeza pamene usiku ukudukira ndi kukonzapo

Anthu atatu akhoza kubwera ndi dandaulo limodzi lakuti sakupeza tulo, koma mukawafunsa bwino n'kupeza kuti mavuto awo ndi atatu osiyana. Woyamba amakwera pabedi nthawi yabwino koma amangotembenukatembenuka mpaka 1 koloko. Wachiwiri amagona msanga koma amadzidzimuka kawiri kapena katatu usiku usanathe. Wachitatu amagona usiku wonse osadzuka, koma kukacha mutu umamulemera ndipo amayamba kuwodzera mu kombi (minibasi) asanafike n'komwe ku Copacabana, potsikira makombi m'tauni. Onsewa akapatsidwa malangizo ofanana, kapena piritsi limodzi logula m'mbali mwa msewu, palibe amene angathandizike kwenikweni. Nthawi imene tulo tikudukira ndi imene imaloza kumene kuli gwero la vutolo, choncho ntchito yoyamba ndi kuidziwa nthawi imeneyo.

Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9 pa tsiku, wachinyamata wa ku sekondale maola 8 mpaka 10, ndipo mwana wa ku pulayimale maola 9 mpaka 12. Kuperewera kwa usiku umodzi sikupha munthu. Chimene chimawononga thupi ndi kuperewera kwa miyezi ndi zaka, chifukwa kumawonjezera mpata wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi, a shuga ndi a mtima, kumafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndiponso kumachititsa munthu kupsa mtima pa zinthu zazing'ono ndi kulakwitsa pa ntchito.

Musanasinthe chilichonse, tengani kakope kakang'ono ndipo kwa masabata awiri muzilemba m'mawa uliwonse nthawi imene munakwera pabedi, nthawi imene mukuganiza kuti tulo tinabwera, kangati munadzuka ndiponso chimene chinakudzutsani, komanso zimene munamwa kuyambira masana. Muzilembanso nthawi imene magetsi ndi madzi zinabwera. Musamayang'ane wotchi usiku kuti mulembe molondola, chifukwa kuwerenga maola otsala kuti kuche kumangowonjezera nkhawa. Kungoyerekeza m'mawa n'kokwanira. Anthu ambiri akawerenga zimene alemba amaona okha kuti masiku oipa amatsatira chinthu chimodzi chobwerezabwereza.

Yambani ndi nthawi yodzuka

Zinthu ziwiri ndi zimene zimabweretsa tulo. Choyamba ndi kutopa kwa ubongo kumene kumachuluka pang'onopang'ono kuyambira pamene mwadzuka mpaka pamene mwagonanso. Kumafanana ndi njala, chifukwa munthu amene wadya mandasi cha m'ma 4 koloko madzulo sadya nsima yausiku ndi mtima wonse, ndipo amene wagona maola awiri masana amakwera pabedi usiku tulo titathawa kale. Chachiwiri ndi wotchi ya m'thupi imene imayendera kuwala. Kukada, ubongo umatulutsa melatonin, imene imauza thupi kuti nthawi yopuma yakwana, ndipo kuwala kwa m'mawa kukalowa m'maso wotchiyo imakonzedwanso.

Palibe munthu amene angalamule tulo kuti tibwere, koma aliyense angathe kusankha nthawi yodzuka. Sankhani nthawi imodzi yogwirizana ndi ntchito yanu ndipo muziisunga masiku onse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ngakhale mutagona mochedwa dzulo lake. Mukadzuka tulukani panja msanga. Kuno ku Harare dzuwa limatuluka 5 koloko itangopitirira pang'ono mu Novembala ndi Disembala, ndipo mu Juni ndi Julayi limatuluka cha m'ma 6:30, kotero amene amayenda pansi kupita kokwerera kombi amalandira kuwalako popanda kuchita china chapadera. Masiku oyambirira mudzamva kutopa, koma kutopako ndi kumene kudzakugonetseni msanga madzulo otsatira. Ngati simungathe kupirira masana, gonani mphindi 20 kapena 30 zokha, 3 koloko isanakwane.

Tulo tikakana kubwera pogona

Woyamba kumukayikira ndi tiyi. M'nyumba zathu zambiri tiyi wamadzulo ndi chakudya ndithu, makamaka nyengo yozizira kapena tsiku limene ndiwo zasowa, ndipo timamukonda wowawa, m'kapu yaikulu. Kaya ndi Tanganda kapena masamba amene wachibale wabwera nawo kuchokera ku Thyolo ndi Mulanje, tiyi ali ndi caffeine, chinthu chogalamutsa ubongo, monganso khofi, zakumwa za cola ndi zakumwa za m'zitini zimene amati n'zopatsa mphamvu. Thupi limatenga maola pafupifupi 5 kuti lichotse theka la caffeine amene mwamwa, kutanthauza kuti kapu ya 5 koloko madzulo imakhala ikugwirabe ntchito 10 koloko usiku. Ena amanena kuti iwo tiyi sawaletsa kugona, ndipo n'zoona kuti anthu amasiyana, komabe ngakhale kwa iwowo tulo timakhala topepuka. Yesani kusiya zakumwa zimenezi ikapitirira 2 koloko masana kwa masabata awiri, ndipo madzulo muzimwa tiyi wa rooibos, amene alibe caffeine, kapena madzi otentha a mandimu. Amene anazolowera makapu ambiri azichepetsa pang'onopang'ono, chifukwa kusiya kamodzin'kamodzi kumapweteketsa mutu kwa masiku angapo. Fodya nayenso amagalamutsa ubongo, choncho ndudu yosuta pokagona imalimbana ndi tulo.

Wachiwiri ndi foni. Kuwala kwake kumachedwetsa tulo pang'ono, koma choopsa kwambiri ndi zimene zili m'katimo: uthenga wa pa WhatsApp wonena za matenda kumudzi, mkangano wa pagulu la achibale wokhudza zopereka za maliro, kapena mavidiyo amene satha. Mabandulo a usiku amakhala otsika mtengo, achibale a ku United Kingdom amene ali m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri amaimba akaweruka kuntchito, ndipo mpira wa ku Ulaya wa pakati pa sabata umayamba 9 kapena 10 koloko usiku nthawi yathu n'kutha cha pakati pa usiku. Zonsezi n'zomveka, koma munthu wodzuka 4 koloko kukapikula tomato ku Mbare Musika sangazikwanitse zonse. Gwirizanani ndi achibale akutali tsiku limodzi loimbirana, ikani foni patali ndi bedi ola limodzi musanagone, ndipo zimene mukufuna kukopera pa bandulo ya usiku muzingoziyambitsa n'kuisiya foniyo payokha.

Pali vuto lina limene limatsala ngakhale tiyi ndi foni zitachotsedwa. Munthu akakhala masabata ambiri ali maso pabedi, ubongo umazolowera kuti bedi ndi malo olimbanirapo ndi maganizo, moti amawodzera pampando koma akangofika pabedi maso amayera. Madokotala a za tulo amalangiza kuti musakwere pabedi mpaka tulo titakugwirani ndithu, ndipo mukaona kuti papita mphindi pafupifupi 20 muli maso, dzukani mukhale pena pamene pali kuwala kochepa, muchite chinthu chosasangalatsa kwenikweni monga kupinda zovala, ndipo mubwerere pokhapokha mukayamba kuyasamula. Kwa amene akuchita lendi chipinda chimodzi, mmene bedi ndi pogona, pokhala ndi podyera pomwe, kupita kuchipinda china n'kosatheka, koma kukhala pampando kapena pamphasa pambali pa bedi, mutafunda bulangete, kumagwira ntchito yomweyo. Njira imeneyi imatopetsa sabata yoyamba ndipo ambiri amaisiya msanga, pamene phindu lake limayamba kuoneka pakapita masabata awiri kapena atatu.

Usiku wa magetsi ndi madzi

Malangizo ambiri a za tulo amalembedwa ngati kuti usiku ndi wa munthu mwiniwake, pamene mu Harare usiku umalamulidwa kawirikawiri ndi magetsi ndi mpopi. Mu 2019 madera ambiri ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo vutoli linakulanso kumapeto kwa 2022 ndi mu 2024 madzi atachepa m'nyanja ya Kariba. Pa nthawi zoterezi magetsi amabwera cha m'ma 10 koloko usiku n'kuthimanso kusanache. Amene amakhala ku Mufakose, Highfield, Dzivarasekwa kapena Mabvuku akudziwa mmene zimakhalira: nyumba yonse yagona, mwadzidzidzi babu la kuchipinda limayaka chifukwa palibe amene anakumbukira kuthimitsa, wailesi imayamba kulankhula yokha, furiji imalira, ndipo mayi amadzuka kukaika nyemba pachitofu, kusita mayunifolomu a ana ndi kulumikiza mafoni onse kumagetsi. Akamamaliza, paipi imayamba kutsokomola mpweya, chizindikiro chakuti madzi akubwera, ndipo ntchito yodzaza zigubu ndi ndowa imayamba. Pofika 5 koloko munthu yemweyo akuyembekezeka kudzuka kuti akonzekeretse ana.

Munthu wotereyu sakudwala matenda a kusowa tulo ndipo piritsi silingamuthandize. Chimene chingatheke ndi kuteteza chigawo chimodzi chachitali cha usiku kuti chisaduke. Tulo timayenda m'magawo a mphindi pafupifupi 90, ndipo tulo tofa nato timachuluka kumayambiriro kwa usiku pamene tulo ta maloto timachuluka chakum'bandakucha. Thupi limafuna mitundu yonse iwiri, n'chifukwa chake maola 6 odukaduka katatu sapumitsa munthu ngati maola 6 osaduka. Ngati magetsi akubwera cha m'ma 10 koloko, ndi bwino kuwadikira muli maso, kugwira ntchito zofunika zokha kwa ola limodzi kapena ola ndi theka, kenako n'kugona osadzukanso. Ngati akubwera mochedwa kwambiri, gonani msanga ndipo mutchere alamu ya 4 koloko kuti mugwire ntchitozo magetsi asanathime. Choipa kwambiri ndi kugona 9 koloko, kudzuka 11, kugonanso 1 koloko ndi kudzukanso 3 koloko chifukwa cha madzi.

Musanagone, zungulirani nyumba n'kuthimitsa maswitchi a mababu, wailesi ndi TV, ndipo makamaka onetsetsani kuti chitofu ndi simbi n'zozimitsa, popeza moto wa m'nyumba ukhoza kuyamba magetsi akabwera anthu ali m'tulo. Mafoni ndi matochi alumikizeni pa soketi imodzi ya kunja kwa chipinda chogona kuti azitchajika okha. Nyemba zoviika kuyambira m'mawa zimapsa msanga, ndipo mphika umene wawira bwino mukhoza kuuphula, kuukulunga m'bulangete lakale ndi kuuika m'dengu kuti upitirize kupsa ndi kutentha kwake komwe popanda wouyang'anira. Kusita kukhoza kuchitika kamodzi pa sabata m'malo mwa usiku uliwonse.

Nkhani yaikulu pano ndi yakuti amadzuka ndani. M'mabanja ambiri ntchito ya usiku imagwera mayi ndi ana aakazi popanda kukambirana, ndipo mtsikana wa Fomu 3 amene wadzutsidwa 2 koloko kuti akaime pamzere wa pamjigo ndi yemweyo amene mawa lake akudzudzulidwa kuti akuwodzera m'kalasi. Ine ndikuona kuti ana asukulu ayenera kuchotsedwa pa ntchito ya usiku masiku a sukulu, ndipo akuluakulu a m'nyumbamo azisinthana masiku, kuti aliyense azikhala ndi usiku wathunthu kangapo pa sabata. Bambo amene anganene kuti, "Mayi a Chisomo, lero gonani, madziwo ndidikira ndine," wathandiza BP ya mkazi wake m'njira imene ambiri saiganizira. Mabanja amene akuchita lendi pa nyumba imodzi angathenso kugwirizana kuti mmodzi azidzaza zigubu za onse usiku wake ukakwana.

Kudzidzimuka pakati pa usiku popanda chokudzutsani chooneka

Kudzuka pang'ono n'kutembenuka kumachitikira aliyense ndipo si vuto ngati tulo tibwereranso msanga. Vuto limakhalapo pamene mukukhala maso nthawi yaitali kapena pamene chinthu chimodzi chikukudzutsani usiku uliwonse.

Mowa ndi umene umanyenga anthu ambiri. Chibuku kapena mowa wa m'botolo zimagonetsa msanga, koma thupi likamaliza kuuphwanya pakapita maola atatu kapena anayi, tulo timapepuka, munthu amatuluka thukuta, amafuna kukodza ndipo amakhala maso mpaka tambala kulira. Ngati m'kakope kanu masiku odzuka 2 koloko akugwirizana ndi masiku amene munamwa, yankho mwalipeza kale. Chilungulira nacho chimavutitsa amene amadya nsima yambiri ndi ndiwo zamafuta mochedwa, zomwe zimachitika kwambiri pamene kuphika kwadikira magetsi. Yesetsani kuti papite maola awiri kapena atatu pakati pa kudya ndi kugona, gonerani kumanzere, ndipo kwezani miyendo ya kumutu kwa bedi ndi njerwa imodzi mbali iliyonse.

Kukodza pafupipafupi usiku kumafuna kukuyang'anitsitsa. Kuchepetsa zakumwa madzulo kumathandiza ena, koma ngati mukudzuka koposa kawiri usiku uliwonse, muli ndi ludzu losatha kapena mukuonda, pitani mukayezetse shuga, komwe ndi kuyeza kwa mphindi zochepa pa kiliniki kapena pa famase. Abambo opitirira zaka 50 amene mkodzo umatuluka mofooka kapena modukiza ayenera kukapimitsa prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Munthu amene miyendo ikutupa ndipo amabanika akagona chagada mpaka kufuna mapilo angapo asazengereze, chifukwa zimenezi zikhoza kukhala za mtima. Kutuluka thukuta lonyowetsa zofunda, pamodzi ndi chifuwa chosatha ndi kuonda, ndi chifukwa chokwanira chokayezetsera chifuwa chachikulu. Kwa amayi amene akusiya kusamba, kutentha kwa thupi kobwera mwadzidzidzi usiku n'kofala ndipo anamwino amadziwa zothandiza. Palinso anthu, makamaka amayi oyembekezera, amene miyendo imawanyerenyetsa akangogona moti amafuna kuigwedeza kosalekeza, ndipo kawirikawiri zimenezi zimayenderana ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, choncho usiku wa mu Juni ndi Julayi umazizira kufika pansi pa madigiri 10, ndipo munthu wozizidwa mapazi sagona. Valani masokosi ndi chipewa, ikani botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu kumapazi, ndipo ngati matiresi ali pasimenti yalani mphasa kapena makatoni pansi pake. Chimene simuyenera kuchita ngakhale kuzizire bwanji ndi kugona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene sununkha ndiponso suoneka, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Nyengo yozizira ikafika, nkhani za imfa zoterezi zimamveka m'dziko muno. Kudzuka ndi mutu wopweteka, chizungulire ndi mseru m'chipinda mmene munali mbaula ndi chenjezo lakuti mutulutse aliyense panja ndi kupita kuchipatala. Jenereta nayo siyenera kulira m'nyumba kapena pafupi ndi zenera la chipinda chogona.

Mu Okutobala, mvula isanagwe, malata amasunga kutentha mpaka usiku. Tsegulani mazenera dzuwa likalowa, sambani madzi ofunda pang'ono musanagone, ndipo gonani m'masikito kuti udzudzu usakukakamizeni kufunda kumutu. Malungo si ofala mu Harare mwenimweni, koma amene wangobwera kumene kuchokera ku Mutoko, Tete kapena ku Malawi ndipo akutentha thupi usiku akayezetse tsiku lomwelo. Nsikidzi, zimene zinavutitsa kwambiri m'mafulati a ku Mbare mu 2025, zimadziwika ndi timadontho ta magazi pansalu zogonera, timadontho takuda m'misoko ya matiresi ndi zilonda zoyabwa zondandana pakhungu. Zofunda zichapidwe m'madzi otentha kwambiri, ming'alu ya bedi ndi ya khoma itsekedwe, ndipo kupopera mankhwala kuchitike m'zipinda zonse zoyandikana nthawi imodzi, apo ayi zimangosamukira kwa mnzanu n'kubwereranso. Mankhwala a kumunda ndi mapiritsi osungira chimanga asalowe m'chipinda chogona, chifukwa mpweya wake ndi wakupha, makamaka kwa ana.

Kudzuka mbandakucha ndi mtima wolemera

Pali kudzuka kwina kumene sikuchokera m'chikhodzodzo kapena m'nyengo. Munthu amatsegula maso 3 koloko, ndipo nthawi yomweyo lendi, fizi, ngongole, ndalama zotumiza kumudzi ndi nkhani ya mapepala a ana zimabwera pamodzi. Usiku vuto lililonse limaoneka lalikulu kuposa mmene lilili, ndiponso palibe ofesi yotsegula kapena munthu woti n'kumuimbira. Kumathandiza kupatula mphindi 15 madzulo, musanadye, n'kulemba nkhawa iliyonse pamodzi ndi chinthu chimodzi chimene mudzachite mawa pa nkhaniyo, kuti ikabwera usiku muziikumbutsa kuti yalembedwa kale. Pemphero lachete kapena kupuma mozama pang'onopang'ono zimatsitsanso kugunda kwa mtima.

Koma ngati kudzuka kotereku kwapitirira masabata awiri, ndipo chilakolako cha chakudya chatha, zimene munkakondwera nazo sizikukusangalatsaninso, kapena mukudziona ngati wopanda pake, n'kutheka kuti ndi matenda a kukhumudwa, amene amachizika. Kuno tili ndi mwayi wa Friendship Bench, ntchito imene dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mu 2006, mmene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pa makiliniki n'kumamvetsera ndi kuthandiza munthu kusanthula mavuto ake limodzilimodzi, kwaulere. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti anthu othandizidwa m'njira imeneyi anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Funsani anamwino a pa kiliniki ya kwanu. Munthu amene wayamba kuganiza zodzipha asadikire masabata awiriwo, auze wachibale ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Maola okwanira koma thupi lotopa

Apa mboni yabwino ndi amene mumagona naye. Mkonono timauseka ndipo ena amautenga ngati chizindikiro cha tulo tabwino, koma mkonono waukulu umene umaduka, munthu n'kukhala chete osapuma kwa masekondi 10 kapena kuposerapo kenako n'kudzidzimuka ngati watsamwa, ndi matenda. Njira ya mpweya kukhosi imatsekeka mobwerezabwereza, mpweya wabwino umachepa m'magazi, ndipo ubongo umadzuka pang'ono kambirimbiri mwiniwake osadziwa. M'mawa amadzuka kukamwa kouma ndi mutu wopweteka, masana amawodzera m'tchalitchi ndi pamsonkhano, ndipo nthawi zambiri BP yake imakana kutsika ngakhale akumwa mankhwala. Vutoli limakonda anthu onenepa ndi a khosi lalikulu, ndipo mowa ndi kugona chagada zimalikulitsa. Ngati abambo akukana kuti saliza mkonono, ajambuleni pafoni kwa mphindi zingapo ndipo mukaonetse dokotala. Kuchepetsa thupi, kusiya mowa wamadzulo ndi kugonera m'mbali zimathandiza ambiri, pamene ena amafunika makina othandiza kupuma usiku, ndipo kiliniki ndi imene imalemba kalata yopitira ku chipatala chachikulu monga Parirenyatwa. Mwana amene amakhala akuliza mkonono usiku uliwonse ndi kupumira kukamwa akaonedwenso kukhosi.

Yang'ananinso mankhwala amene mukumwa kale. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene anthu ambiri akumwa masiku ano, amasowetsa tulo anthu ena, ndipo kawirikawiri anamwino amalangiza kuwamwa m'mawa m'malo mwa usiku. Efavirenz, mtundu wina wa ARV, amadziwika ndi maloto odabwitsa ndi chizungulire. Mapiritsi a BP okodzetsa monga hydrochlorothiazide ndi furosemide, komanso prednisolone, amayenera kumwedwa m'mawa. Mankhwala ena a chimfine ndi a mutu ali ndi caffeine kapena zinthu zina zogalamutsa. Musasiye kapena kusintha nokha mankhwala alionse a matenda okhalitsa, koma nenani za tulo pa tsiku lokatenga mankhwala, chifukwa kungosintha nthawi yomwera kumathetsa vutoli kwa anthu ambiri.

Alonda, madalaivala ndi ena ogwira ntchito usiku

Mlonda amene waweruka 6 koloko m'mawa ku Borrowdale kapena ku Msasa amafika kwawo ku Epworth dzuwa litakwera, ana akusewera pakhomo, mnansi akuliza wailesi, ndipo malata ayamba kale kutentha. Wotchi ya m'thupi lake ikumuuza kuti kwacha, choncho ngakhale atatopa bwanji amagona maola ochepa. Chimene angachite ndi kumwa tiyi kumayambiriro kwa ntchito kokha, kuvala chipewa kapena magalasi akuda pobwerera kunyumba, kudya chakudya chopepuka ndi kugona nthawi yomweyo asanayambe zina. Zenera litchingidwe ndi bulangete lakuda, m'makutu muikidwe thonje, ndipo a m'banja adziwe kuti maola amenewo ndi usiku wa bambo, osati nthawi yowatuma kumsika. Kugonanso ola limodzi kapena awiri madzulo asananyamuke kumakwaniritsa zotsalazo. Ganyu wamasana amawonjezera ndalama, koma wochita ganyu tsiku lililonse n'kulondera usiku uliwonse amadzagona pa ntchito tsiku lina.

Kwa oyendetsa galimoto nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Ofufuza a ku Australia anasonyeza mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amalakwitsa zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa mlingo wa 0.05 peresenti m'magazi. Dalaivala wa basi kapena thiraki pa msewu wa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, amene wachedwa pachipata cha malire ndipo akufuna kubweza nthawi usiku, amakhala pangozi yaikulu pakati pa 2 ndi 5 koloko m'mawa. Kutsegula zenera ndi kukweza wailesi sizichotsa tulo. Maso akayamba kulemera kapena mukaona kuti simukukumbukira makilomita amene mwangodutsa, imani pamalo otetezeka ndi kugona mphindi 20.

Kuchezera pamaliro, mapemphero a usiku wonse ndi kudzuka kusanache m'mwezi wa Ramadan sizifuna chithandizo chapadera. Tsiku lotsatira gonani pang'ono masana, kwerani pabedi msanga masiku awiri, sungani nthawi yanu yodzuka, ndipo musayendetse galimoto ulendo wautali m'mawa wa pambuyo pa kuchezera.

Za mapiritsi a tulo

Mapiritsi ndimawaika kumapeto chifukwa ndi kumene ayenera kukhala. Diazepam ndi ena a mtundu wake amagonetsa ndithu, koma thupi limawazolowera m'masabata ochepa, mlingo womwewo umasiya kugwira ntchito, ndipo powasiya tulo timasowa kuposa poyamba. Kwa okalamba amabweretsa chizungulire ndi kugwa, ndipo akaphatikizidwa ndi mowa akhoza kuimitsa kupuma. Amene wawamwa nthawi yaitali asawasiye mwadzidzidzi, koma achepetse motsogozedwa ndi dokotala. Piriton ndi promethazine, amene ena amamwa kuti agone, amasiya kugonetsa pakapita masiku ochepa ndipo amasiya mutu wolemera m'mawa, ndiponso sayenera kupatsidwa kwa khanda kuti lisiye kulira. Mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine ndi osokoneza bongo akamwedwa mwa njira imeneyi. Mapiritsi ogulitsidwa m'misewu ndi m'misika, amene akhala padzuwa ndipo sakudziwika kumene achokera, asagulidwe n'komwe. Makolo adziwenso kuti wachinyamata amene amakhala maso masiku awiri kapena atatu osadya, kenako n'kugona tsiku lonse, akhoza kukhala kuti akugwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo otchedwa mutoriro (crystal meth), ndipo ameneyo akufunika chithandizo cha kuchipatala.

Madokotala amati kusowa tulo kwasanduka matenda okhalitsa pamene kukuchitika masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi itatu, ndipo kukusokoneza ntchito za masana. Chithandizo choyamba chimene amalimbikitsa pa matenda amenewa ndi uphungu wosintha zizolowezi ndi maganizo okhudza tulo, umene mbali zake zina ndi zimene zafotokozedwa pamwambapa. Popita ku kiliniki tengani kakope kanu ka masabata awiri, mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa kuphatikizapo azitsamba ndi ogula nokha, ndipo ngati n'kotheka mupite ndi amene mumagona naye kuti akafotokoze zimene amaona ndi kumva inu muli m'tulo. Pemphani kuti akuyezeni BP ndi shuga pa ulendo womwewo.